Chikasu cha m'chikuta

Beseni lija linali lachitsulo, loyera mbee, la mkombero wabuluu, ndipo pansi pake panali posupuka pakuda pamene linagwera pa simenti. Bambo anabwera nalo kuchokera ku hotela ya ku Makokola, kumene ankagwira ntchito yoperekera zakudya, a kukhitchini atalitaya chifukwa cha posupukapo. Kwathu linasanduka laulemu. Munalibe kuchapiramo, munalibe kupaliramo nsomba, ndipo ukangolikhudza ndi manja a utaka, khofi. Linkakhala pamwamba pa kabati kudikira alendo. Chaka chimene ndikunenachi linatsitsidwa chifukwa cha mlongo wanga, amene anabadwa mwezi wa Juni, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Anthu a kumtunda amaganiza kuti ku Mangochi n'kotentha chaka chonse. Abwere Juni adzaone. Mwera umawomba osapuma, mchenga n'kumalowa m'mano, milomo n'kumang'ambika. Chaka chimenecho mabwato anakhala pamtunda sabata ziwiri, amuna ali kuseri kwa nyumba kusoka maukonde, ena atafunda zitenje za akazi awo. Amayi anachira m'mawa wa Lachiwiri, m'nyumba mwathu momwemo, m'manja mwa azamba a m'mudzimo, mayi wamfupi wochokera ku Chowe amene ankanunkhira fodya wa m'mphuno ndi sopo wofiira. Mwana anali wamwamuna, wonenepa bwino, ndipo analira mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.

Kwathu mwana akabadwa, iye ndi mayi ake amabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Satuluka, ndipo salowamo munthu wamba. Akuluakulu ankati anthu apabanja ndi otentha, akagwira khanda amalidula, limatupa n'kufa. Ine za kutenthazo sindinkazimvetsa. Ndinkawayang'ana amalume akunjenjemera ndi mwera n'kumadabwa kuti atentha pati. Chimene ndinamva n'chakuti ine, mwana wosatha msinkhu, ndinali wozizira. Ndiye m'chikutamo tinkalowa awiri okha: azamba, amene anali atasiya kalekale za m'banja, ndi ine. Anandiletsa kupita kusukulu sabata imeneyo. Kunyada kwake! Ndinkadutsa pakati pa amayi akuluakulu atakhala pamphasa panja, ine mutu m'mwamba, n'kukankha chitseko.

M'katimo munali mdima. Zenera linali limodzi, laling'ono, ndipo analitseka ndi chiguduli kuopa mphepo. Chitseko chinkatsekedwa ukangolowa. Tinkaonera koloboyi ngakhale masana, ndi makala a pa mbaula, ndipo mwana anali wokulungidwa m'nsalu zitatu, kungooneka kamphuno. M'kuwala kwa koloboyi aliyense amaoneka wofiirira, wodwala ndi wabwino yemwe. N'chifukwa chake tinachedwa kuona.

Tsiku lachitatu ndinatsegula chitseko kuti ndikataye phulusa, mphepo n'kuchikankha chonse. Dzuwa linalowa mpaka pamphasa pamene mwana anagona, iye n'kutsegula maso. Ndinafuula kuti, "Amayi, maso a mwanayu ali ngati m'kati mwa dzira!" Amayi anandimenya pakamwa kaye, chifukwa mwana samunenera zoipa. Kenako anamunyamula, kufika naye pafupi ndi chitseko, kumuvundukula pachifuwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Atatero anangoti, "Kaitane amalume ako."

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Musawaganizire ngati munthu wankhanza, ayi. Anali msodzi wofatsa, wa kofia yothaitha, amene ankatisungira mitu ya kampango ndi kutisemera timabwato ta chiwale. Anaima panja pafupi ndi zenera lotsekalo, amayi ali m'kati, n'kumayankhulana podutsa pa chiguduli. Mawu a amayi ndimawakumbuka: "Achimwene, tipite naye kuchipatala cha ku boma." Amalume anayankha kuti, "Chikasu sachibaya jakisoni, chemwali. Ine wanga ndinamutenga ndekha ndi manja angawa." Mwana wawo wamkazi anali atamwalira kuchipatala zaka zinayi m'mbuyomo, maso ali achikasu, atangomubaya. Mpaka lero sindidziwa chimene chinapha mwana ameneyo. Koma amalume ankadziwa ndi mtima wawo wonse kuti inali jakisoni, ndipo mudzi wonse unkadziwa nawo.

Panalinso zina. Inali nyengo yokonzekera chikondwerero cha chipani, ndipo malole onse a mumsewu anali atawagwira kuti azinyamula amayi opita kokaphunzira magule. Pa mphambano paliponse panali anyamata a malaya ofiira ofunsa makadi a chipani, ndipo ankati ndi khanda lomwe lizikhala ndi yake. Bambo anali atatsekeredwa ku hotela chifukwa kunadzaza alendo akuluakulu, wantchito aliyense osaloledwa kutuluka pageti. Uthenga wawo unabwera ndi munthu wa panjinga: achite zimene alamu anga anene. Komanso kutulutsa mwana mchombo usanagwe, kukamukweza pa lole yodzaza anthu otentha, amayi akuluakulu apamphasa aja anangoti kumeneko n'kupha dala. Amayi anali ndi zaka zosakwana makumi atatu, atangochira kumene, magazi asanaleke. Anagonja.

Azamba anabwera ndi kathumba ka mizu youma, yoti anakumba kwawo ku Chowe. Analamula zinthu zitatu. Mwana azisamba m'madzi a mizu ija m'mawa ndi madzulo. Azimwa madzi owiritsa a muzu wa papaya wamwamuna, kuphatikiza madzi a nzimbe, pa kasupuni. Ndipo bere alisiye. Anafinya mkaka wa amayi pachikhatho, mkaka woyamba uja wolimba wachikasu, n'kuuonetsa pa koloboyi: "Si ichi? Akuchiyamwa kwa inu." Anawonjeza kuti mankhwala a khanda sagwiridwa ndi mayi wa magazi, ndipo iwowo manja awo anali atagwira zambiri. Ofunika anali manja a mwana wozizira. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndiye ntchito inali yanga. Ndinkasinja mizu ija mu kamtondo mpaka itanyenyeka, fungo lake lowawa ngati la khungwa laliwisi likulowa kukhosi. Ndinkaithira m'beseni loyera lija, kuthira madzi ofunda, kuvundula ndi dzanja. Amayi ankamugwira mwana m'khwapa, ine n'kumamuthira madzi ndi chikhatho kuyambira pamutu. Tikatha, azamba ankanyamula beseni kutuluka nalo panja, n'kuliika pansi pamaso pa amalume ndi amayi apamphasa. Madzi ali achikasu ngati a maungu. "Mwaona? Chikutuluka." Anthu ankawerama, kuyang'ana, kugwedeza mitu, amalume n'kunena kuti Alhamdulillah. Kenako ine ndinkasenza beseni kukakhuthula pachulu kuseri kwa mudzi, n'kubwerera osacheuka, kuti nthenda isanditsatire.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo amene ndimamupsera mtima sindimudziwa bwinobwino. Madzi aja ankakhala achikasu mwana asanalowemo. Ndine ndinkavundula. Ndinkaona ndi maso angawa mizu ikutulutsa mtundu wake m'beseni loyeralo, zala zanga n'kuthimbirira mpaka m'zikhadabo, sabata yonse osachoka. Amayi ankaona. Azamba ankaona kuposa tonsefe, ndipo sindikhulupirira kuti ankatinamiza, chifukwa iwonso ankawerama pa beseni ndi nkhope ya munthu amene waona chozizwitsa. Anthu atatu, maso asanu ndi limodzi, palibe amene anafunsa. Munthu ukafunitsitsa kuti mwana achire, umaona zimene ukufuna.

Kumwetsa ndiye kunali kovuta. Nzimbe ndinkazisenda, kuzisinja, kuzifinyira mu kansalu. Ndinkatsegula kakamwa kake ndi nsonga ya supuni, kudontheza, iye n'kumatsamwa, madzi ena n'kutsikira m'khosi mwa malaya. Tsiku loyamba la mankhwala ankalira kufuna bere, kamutu kakufunafuna pachifuwa cha amayi, amayi n'kumatembenukira kukhoma. Mabere awo anatupa gwa, chitenje chinanyowa, m'nyumba monse mukununkha mkaka wosasa. Ankaufinyira mu chikho, ine n'kukautaya paphulusa. Tsiku lachiwiri la mankhwala mwana analeka kufunafuna. Ankangogona. Azamba anati ndiko kuchira kumeneko, thupi likupuma.

Tsiku lachisanu masana kunabwera aphunzitsi athu, mayi wamtali wa ku Dedza, kudzafunsa chifukwa chimene sindinkaonekera kusukulu. Anali apabanja, ndiye m'chikuta sanaloledwe. Anakhala pamphasa, kulonjerana ndi onse, n'kumva nkhani. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anayankhula ndi amalume mwaulemu, maso ali pansi, kuti khanda la masiku asanu kulichotsa pabere n'koopsa, ndipo kuti amuna awo amadziwana ndi dalaivala wa galimoto ya nsomba imene inkapita ku boma m'mawa uliwonse. Amalume nawo anayankha mwaulemu: "Zikomo aphunzitsi. Koma likagwa tsoka, inu mudzabwera kudzapepesa, wokumba manda ndine." Aphunzitsi sanapitirize. Masiku amenewo mlendo wogwira ntchito ya boma sankakangana ndi eni mudzi. Munthu mmodzi akangokunenera kwa atcheya a chipani kuti umanyoza anthu, unkadzuka uli kwina.

Aphunzitsi anapempha kuti ndiwaperekeze. Titafika pa mpanda wa mzikiti anaima, n'kugwada kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. Anandigwira dzanja, kudina chala pakhungu langa n'kuchotsa, kundionetsa mmene amaonera mtundu wa pansi pa khungu. Kenako mafunso. Chikasucho chafika pati, pachifuwa pokha kapena pamimba? Nanga kumapazi? Akudzuka yekha? Akulira bwanji? Anati, "Iwe ndiwe wekha amene ukumuona. Undiuze zoona, mwana wanga. Ngati chafika kumapazi, ine ndipita ndekha ku hotela kukawatulutsa bambo ako."

Ndinkadziwa yankho la funso lililonse. M'mawa womwewo posambitsa ndinali nditagwira timapazi take, pansi pake pali chikasu ngati wapaka. Sankadzuka pokhapokha madzi amukhudze, ndipo kulira kwake kunali kutasintha, kunali kosongoka, kobaya m'makutu, kosafanana ndi kwa tsiku lobadwa kuja. Ndinacheuka. Amalume anali ataima pakona ya nyumba, ukonde uli m'manja, akutiyang'ana. Koma ndisanamizire amalume, chifukwa pamene anaimapo sakanamva kanthu. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kulandidwa ntchito yanga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga akuluakulu ankandipatsa njira, ankanditchula kuti adokotala, ankandisiyira chambo chathunthu. Ndinati, "Akuchira, aphunzitsi. Chikutuluka tsiku lililonse, ndimakataya ndine."

Anandiyang'ana m'maso. "Kumapazi kulibe?"

"Kulibe."

Anapuma mozama, kundisisita pamutu, n'kunena kuti ndibwere kusukulu Lolemba. Ndinawaona akutsetsereka ndi njira, atagwira mpango kumutu kuti mwera usauulutse.

Patapita zaka zambiri, ine ndili ndi ana anga, namwino wina anandifotokozera ndili pa benchi ya sikelo. Anati makanda ambiri amachita chikasu pang'ono n'kutha chokha, makamaka akamayamwa kwambiri. Koma chikachuluka mpaka kumapazi, mwana n'kuleka kuyamwa, chimakwera ku ubongo, ndipo chimene chawononga kumeneko sichibwerera. Anati mankhwala ake aakulu ndi kuwala, amamugoneka mwana pansi pa nyali zapadera ali maliseche, ndipo zikavuta amamusintha magazi. Kuwala! Ife tinali titatseka ndi zenera lomwe. Ndinamufunsa ngati tsiku lachisanu kukanakhala kuchedwa. Anati sangadziwe. Ndinamuumiriza, iye n'kubwereza kuti sangadziwe, ndipo ndinatuluka pasikelo paja mwana wanga asanayezedwe.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mlongo wanga anayamba kupindika. Msana unkakhota cham'mbuyo, kamutu n'kukagunda pamphasa, timanja titafumbata gwa, maso atatembenukira pansi. Akatero ankatulutsa kulira kosongoka kuja, kenako zii. Azamba anati nthenda ikulimbana ndi mankhwala, tionjezere mizu. Ndinaonjezera, madzi n'kuchita chikasu chakuda, panja anthu n'kuyamika kuti lero ndiye chatuluka chambiri.

Masana a tsiku limenelo azamba anapita kumsika. Amayi anadzuka, kutseka chitseko ndi mpiringidzo, n'kutulutsa bere. Analiika pakamwa pa mwana. Sanaligwire. Anamusisita patsaya, kumuuzira kumaso, kumuitana ndi mayina onse achikondi, koma kakamwa kanali kolimba. Ndiye anatenga kapu ya madzi a papaya ija n'kuikhuthulira paphulusa, anaitsuka, n'kufinyiramo mkaka. Anandipatsa supuni. "Donthezera. Ukanena kwa azamba, sindine mayi ako." Ndinadontheza. Anameza. Kuyambira pamenepo, munthu akangotuluka, amayi ankafinya ine n'kumadontheza, misozi yawo ikugwera pamutu pa mwana. Ndimakhulupirira kuti mlongo wanga anakhala moyo chifukwa cha mkaka wakuba umenewo. Koma nthawi imeneyo ndinkachita mantha kuti tikumubwezera chikasu chimene ndinkavutika kukataya pachulu.

Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chitatu. Anazira nyumba, anachotsa chiguduli pazenera, mwana anametedwa, ashehe anabwera kudzamutcha dzina. Bambo anatulutsidwa ku hotela tsiku lotsatira, anafika ndi buledi ndi shuga. Mwana anayamba kuyamwa, mofooka, koma ankayamwa. Pang'onopang'ono chikasu chinazilala, chinachoka kumapazi, pamimba, pomaliza m'maso. Mwera utaleka, mabwato atabwerera m'madzi, anali mwana wakuda bwino ngati bambo ake.

Mudzi wonse unati mankhwala agwira. Azamba anatchuka mpaka ku Nkopola, anthu n'kumabwera panjinga kudzapempha mizu. Amalume anachita sadaka, ndipo pamaso pa anthu anandikweza dzanja m'mwamba n'kunena kuti manja a mwana uyu ndi a mankhwala. Anandigulira nsalu yanga yoyamba, ya maluwa obiriwira. Kusukulu aphunzitsi anandifunsa za mwana, ine n'kuwayankha monyada kuti anachira. Iwo anati ayamika Mulungu, ndipo anapita okha kwa amalume kukapepesa kuti analowerera za eni. Zimenezo ndiye zimandiwawa kuposa zonse. Mayi uja anapepesa chifukwa cha bodza langa.

Mlongo wanga anakhala ndi moyo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sanayendepo, sanagwirepo supuni yekha, ndipo amayi anamubereka kumsana mpaka miyendo yake inkakhudza pansi. Anthu ananena zambiri, ena ati anamudula munthu wotentha amene analowa mobisa, ena ati ndi za kumtundu wa bambo. Za chikasu palibe amene anazitchula, poti chikasu tinachichiza tonse tikuona. Amayi anamwalira ndisanawauze zimene ndinayankha pa mpanda wa mzikiti paja. Ndinayesa kangapo, n'kumathera pa nkhani zina.

Zonsezo zinali m'tsogolo. Mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho, mwana ali ndi miyezi isanu, khosi lake linali lisanalimbe, koma akuluakulu ankati ana aamuna amachedwa. Ine ndinkamukonda koopsa, ndinkamuona ngati wanga, poti ndine ndinamuchiza. Loweruka lina ndinamubereka, kumumanga bwino kamutu ndi nsalu yanga ya maluwa, n'kupita ndi anzanga kukaonerera ndege ya alendo pa bwalo la ku Makokola. Tinali ana ambiri pa waya, aliyense ndi mng'ono wake kumsana. Ndege ija itayamba kulira kuti inyamuke, pansi pananjenjemera, fumbi linatiwaza, ife tinatseka makutu. Makanda onse anabuma nthawi imodzi, ena mpaka kukodzera azikulu awo. Ndinacheuka kuti ndimutonthoze wanga. Anali phee, maso ali pa tsamba limene linakodwa pa waya.

Ndinathamanga njira yonse. Ndinawapeza amayi pakhonde akupala nsomba, ndipo ndinayamba kufuula ndisanafike n'komwe. Ndinawauza kuti ana onse analira, ngakhale wa zaka ziwiri wa kwa aneba, koma wathu yekha ayi, sanaphethire n'komwe, adzakhala msilikali ameneyu. Amayi sanaseke. Anaika mpeni pansi pang'onopang'ono, kupukuta manja pachitenje, kumumasula mwana kumsana kwanga n'kumugoneka pamphasa. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chivundikiro cha poto ndi supuni yaikulu. Anazungulira kumutu kwake, kumene sakanawaona, anagwada, n'kumenya pafupi ndi khutu.

Galu amene anagona pamthunzi anadzidzimuka n'kuthawa. Mwana sanatembenuke. Amayi anapita ku khutu linalo, anamenyanso, kenako anamenyanso mwamphamvu, mobwerezabwereza, mpaka chivundikiro chinapindika, aneba n'kuyamba kusuzumira pa mpanda. Ine ndinaganiza kuti akufuna kuwaonetsa anthu. Ndinkadumpha, kuwomba m'manja, n'kumawaitana kuti abwere pafupi: "Taonani! Menyaninso, amayi! Wathuyu saopa kanthu!"